Zaka za mwana pa geti ya theme park: mmene mungalipirire zochepa osamuphunzitsa bodza

Amene tinakula tikukwera minibasi nkhondo iyi timaidziwa. Mayi wakwera ndi chimwana choti miyendo ikukhudza pansi koma wachikhazika pamiyendo, kondakitala akuti mayi mwanayu alipire, mayi akuti aaa iwe usandiyambe dala kamwana aka kangosiya kumene kuyamwa, basi minibasi yonse kuseka, ena kuikira kumbuyo mayi ena kondakitala, mpaka kukafika ku Limbe nkhani isanathe. Khalidwe limeneli ambirife tinalilongedza m'chikwama pobwera kunja kuno limodzi ndi ufa ndi usipa, nde holide ikafika tikatenga ana kupita nawo kumalo amasewera aja, ma theme park, timafika pa geti mutu uli ku minibasi.

Ine ndinachitapo, ndiye sindikulemba ngati woyera mtima ayi. Mzime wathu anali ndi zaka 3 ndi miyezi iwiri, malo amene tinapitawo mwana osakwana zaka 3 amalowa ulere, ndipo bajeti inali itafinyika kale chifukwa mwezi womwewo tinali titatumiza ya fizi kumudzi. Mugalimoto monse ndinkamuphunzitsa, akakufunsa uzinena two wamva, two, ndikumuonetsa zala ziwiri, iye kumangogwedeza mutu uku akunyambita switi. Tafika pa geti, mtsikana wa matikiti uja wamwetulira, wagwada pansi kuti afanane naye msinkhu, nkumufunsa mwachikondi kuti kodi kamfumukazi iwe uli ndi zaka zingati. Mwana wanga anatukula zala zitatu monyadira, paja birthday yake inali isanaiwalike, keke ndi mabaluni zonse zinali m'mutu mwake. Kenako anatembenuka kundiyang'ana, nkuona nkhope yanga, ndipo pang'onopang'ono anapinda chala chimodzi ndi dzanja linalo, kuchita kuchikanikiza chifukwa chinkakana kupindika chokha. Mtsikana uja anaona zonse, sanalankhule kanthu, anangoimirira nkutiuza kuti lowani. Tinalowa ulere shuwa. Koma patapita masiku angapo tili kunyumba tikukonzeka kupita ku shopu mwana anandifunsa akuvala nsapato, amami lero ndili ndi zaka zingati? Funso limenelo linandikhala pakhosi mpaka lero, ndipo mchimwene wake amene anali ndi zaka 8 nthawi imeneyo anali ataona zonse, moti tsiku lina nditamugwira akunama za homework anandiyankha mosaopa kuti nanga inu pa geti paja.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuchita homework yanga inenso, ndipo ndinapeza kuti ndalama yomwe ndinkafuna kupulumutsa ndi bodza ija imapulumuka bwinobwino ndi kalendala ndi tepi yoyezera. Nde tiyeni ndikuuzeni mmene ndimapangira.

Choyamba dziwani kuti mawu oti mwana alibe tanthauzo limodzi

Ulendo umodzi womwewo mwana wanu akhoza kukhala khanda pa ndege, mwana pa sitima, nkukhala munthu wamkulu pa geti, chifukwa kampani iliyonse inadula mzere wake pake. Pa ndege mzere uli pa zaka 2: osakwana 2 amakhala pamiyendo nkulipira kachigawo kochepa chabe, akakwanitsa 2 akufunika mpando wake. Apa palibenso zoti munganame chifukwa pasipoti ili pompo, ndipo chenjerani, ngati akwanitse zaka 2 muli ku holide konko, pobwerera akufunika mpando, ndiye auzeni a ndege pobukitsa osati kukadzidzimuka pa eyapoti mutanyamula zikwama. Pa Eurostar, sitima ija yochoka ku London kudutsa pansi pa nyanja kupita ku Paris, osakwana zaka 4 amakwera ulere bola akhale pamiyendo. Pa sitima za ku Britain osakwana 5 ndi ulere, kuyambira 5 mpaka 15 ndi theka la mtengo. Mu London pa Tube, sitima zija zoyenda pansi pa nthaka, mwana osakwana 11 akakhala ndi wamkulu amene walipira amayenda ulere. Mwaona eti, 2, 4, 5, 11, ndipo simunafike nkomwe pa geti.

Tsopano pa geti penipenipo. Ku Walt Disney World, kufupi ndi Orlando ku Florida, komwe kuli ma park anayi aja Magic Kingdom, EPCOT, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom, osakwana zaka 3 amalowa ulere, kuyambira 3 mpaka 9 ndi tikiti ya mwana, ndipo akangokwanitsa 10 amalipira ngati bambo ake. Inde, kamwana ka zaka 10 koti usiku kamaopabe mdima. Ku Disneyland ya ku California ndi chimodzimodzi, ku Universal Orlando nakonso mizere yake ndi yomweyo. Koma ku Disneyland Paris, yomwe ambiri a ku Britain kuno timathamangirako chifukwa ili pafupi, tikiti ya mwana imayambira 3 nkukafika 11, wamkulu amayambira 12. Kampani imodzi, malamulo awiri. Agogo a ana atabwera kudzationa nkumva mtengo wake anangogwira pakamwa, amvekere ndalama zonsezo kukaona mbewa yovala kabudula, pomwe kwathu mbewa timagula zopanidwa pa kamtengo m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe, ndipo zimenezo umadya nkukhuta.

Ku Britain ma park akuluakulu ambiri sawerenganso zaka pa nkhani ya ulere, amayeza msinkhu. Ku Legoland Windsor, ku Alton Towers ndi ku Chessington mwana wosafika 90 cm ndiye amalowa ulere, ku Paultons Park kufupi ndi Southampton mzere uli pa mita imodzi. Zili ngati zija za kale polembetsa Standard 1, zomati dutsitsa dzanja pamwamba pa mutu ugwire khutu la mbali inayo, ukalephera bwerera ukabwere chaka cha mawa. Pamenepa kukamwa kwanu kulibe ntchito, pali ndodo yoyezera ndipo ndodo simungaiphunzitse zonena mugalimoto.

Malamulo amenewa amasinthasintha ngati mitengo ya pa msika, ndiye musanalipire kalikonse tsegulani webusayiti ya park yeniyeniyo, osati ya anthu ogulitsa matikiti apambali, muwerenge pomwe alemba za zaka kapena msinkhu, mujambule screenshot musunge mufoni. Abale a ku Joni amene mumapita ku Gold Reef City kapena kutsikira ku uShaka Marine World ku Durban nthawi ya Khirisimasi, chitaninso chimodzimodzi, osadalira zomwe anakuuzani mnzanu amene anapitako zaka zitatu zapitazo.

Kenako tengani kalendala

Apa ndi pomwe pali dilu yonse. Lembani tsiku lobadwa la mwana aliyense pambali pa masiku amene mukufuna kupita, muone amene ali pafupi kudumpha mzere. Ngati mzime akukwanitsa zaka 3 mu October, pitani mu September, basi mwapulumutsa tikiti yonse popanda kupinda chala cha munthu. Tikiti ya tsiku limodzi ku Walt Disney World imapitirira madola 100, ndiye kwa masiku anayi kapena asanu mukukamba za madola mazana angapo pa mwana mmodzi, ndalama yoti ku Malawi ikhoza kugula matumba a feteleza angapo. Ndipo ubwino wina, mwana wa msinkhu umenewo sanayambe sukulu, nde ngati mulibe ena akuluakulu mukhoza kupita nthawi yoti anzanu onse ali m'kalasi, mitengo ili pansi ndipo mizere ndi yaifupi. Ngati muli ndi ana a sukulu ku England musayerekeze kuwajombetsa osapempha, chindapusa chake ndi £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, mukachedwa kupitirira masiku 21 chimafika £160, ndiye bambo ndi mayi ndi ana awiri mwaiona kale nambala yake.

Anthu ena amati aaa mwana wa zaka ziwiri akakumbukira chani. Zoona sakumbukira zambiri, koma amasangalala tsiku limenelo, zithunzi zimatsala, ndipo inu simunalipire. Bola musamukokere dzuwa lonse la ku Florida, kumatentha ngati ku Nsanje mwezi wa October, masana muzibwerera kogona akapume.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa: ku Walt Disney World amawerenga zaka zomwe mwana ali nazo tsiku loyamba la ulendo wanu. Mukafika ali ndi zaka 2 nkukwanitsa 3 pa tsiku lachitatu, amakhalabe wa zaka 2 mpaka mutanyamuka, ndipo wa zaka 9 amene akwanitse 10 muli komweko amatsiriza ndi tikiti yake ya mwana. Nde mukhoza kuchita kukonza dala kuti birthday ikamupezere konko, akadye keke yake kumeneko, avale kabaji ka birthday kamene amapereka ulere, atukule zala zitatu kwa aliyense amene wamufunsa, inu mtima uli m'malo. Izi ndi za kumeneko, malo ena afunseni kaye, ndipo afunseni polemba imelo kapena pa chat kuti yankho likhale nanu mufoni.

Za kumuchepetsa wa zaka 10 kuti akhale wa 9, abale, apa nde ndimadabwa nazo kwambiri, chifukwa ku Orlando kusiyana kwa tikiti ya mwana ndi ya wamkulu ndi madola ochepa kwabasi pa tsiku, ndalama yoti ice cream mmodzi wa mu park momwemo mwina osakwanira. Munthu kumuuza mnyamata wamkulu woti akudziwa times table kuti lero uli ndi 9, akhale tsiku lonse akudzilondera pakamwa, chifukwa cha ice cream. Pomwe pamaluma ndi pa chakudya, zimenezo ndibwerako.

Msinkhu ndi nkhani ina, iyi musaseweretse nkomwe

Zonama zaka zimathera pa ndalama ndi manyazi, koma zonama msinkhu kuti mwana akwere ride yomwe sanafikepo zikhoza kuthera kuchipatala. Ride iliyonse yothamanga ili ndi muyezo wake chifukwa chitsulo chomwe chimatsika pamapewa kapena pamiyendo chija anachipangira thupi la kukula kwakutikwakuti, mwana akachepa pamatsala mpata. Ku Magic Kingdom, Barnstormer imafuna 89 cm, Seven Dwarfs Mine Train 97 cm, Space Mountain 112 cm, TRON 122 cm. Ndinaonapo ndi maso angawa mayi wina pa mzere akupinda matishu nkuika mu nsapato za mwana, wina kumumanga mwana tsitsi chimulu pamwamba penipeni pa mutu, ife ndi ma braids athu aja nde zimatiyesa kwambiri. Ogwira ntchito aja amaziona tsiku ndi tsiku, amakanikiza tsitsi mpaka ndodo ikhudze mutu weniweni, ndipo malo ena amayeza kawiri, polowa pa mzere ndi pokwera, ndiye mwaima ola lathunthu nkukabwezedwa pakhomo penipeni mwana akulira chokweza.

Chochita nchosavuta. Kutatsala sabata muimikeni mwana pa khoma kunyumba atavala nsapato zomwe adzavale tsikulo, ikani buku pamutu, chongani ndi pensulo, yezani ndi tepi. Kenako khalani naye muone pa app ma ride amene akukwanira, mumuuziretu kuti awa ndi ako, awo ndi a chaka cha mawa ukadya nsima yambiri. Mwana akauzidwiratu kunyumba salira ngati wouzidwa pa mzere. Ndipo kuti akuluakulu musamanidwe, funsani za Rider Switch ku Disney, ma park a ku Britain amati Parent Swap: bambo akwera ndi wamkulu mayi akudikira ndi wamng'ono, akatsika mayi akwera osayambiranso mzere. Ife timaigwiritsa ntchito kwambiri ndipo wachisamba wathu amaikonda chifukwa nthawi zambiri iye amakwera kawiri.

Chodabwitsa nchoti banja lomwelo limafuna mwana afupike pa geti kuti alowe ulere, nkufunanso atalike pa ride kuti akwere. M'mawa pinda mawondo, masana imira zala. Mwana mpaka kusokonezeka.

Chakudya ndi kogona

Ku Walt Disney World malo odyera a buffet ndi ena aja omwe zidole zimabwera kudzajambulitsa pa tebulo, mtengo umatsata zaka zomwe zija, osakwana 3 amadya nawo ulere, 3 mpaka 9 mtengo wa mwana, 10 kupita m'mwamba mtengo wa wamkulu, ndipo apa kusiyana kwake nkwakukulu ndithu. Zimawawa kulipira mtengo wa munthu wamkulu kamwana koti kangodya tchipisi zisanu ndi kachidutswa ka nkhuku nkumati ndakhuta. Yankho lake si kunama kwa waiter, yankho nkusapita ku buffet. Pitani malo oitanitsa pa kauntala, pamenepo mumagula mbale yomwe mukufuna ndipo awiri akhoza kugawana imodzi. Komanso kumeneko amalola kulowa ndi chakudya chanu bola pasakhale mabotolo agalasi kapena mowa, nde ine ndimadzuka m'mamawa kukonza masangweji, mazira owiritsa, zipatso, nthawi ina mpaka mandasi, ndipo madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere mukapempha pa kauntala. Ndalama yomwe mungapulumutse pa lunch ya anthu asanu kwa masiku anayi si yochepa ayi.

Ku hotela nako anthu amabisa mwana, kubukitsa chipinda cha anthu anayi muli asanu, wina azilowa mozemba ngati mbava. Nambala ya anthu pa chipinda imayenderana ndi malamulo a moto, kutachitika ngozi usiku amawerenga anthu omwe ali m'kaundula, ndiye mwana amene simunamulembetse palibe amene akumufunafuna kupatula inu. Ku mahotela a Disney ku Florida mwana mmodzi osakwana zaka 3 wogona mu kabedi ka khanda sawerengedwa pa nambala ija, koma mumamulembetsabe. Ku Britain, mahotela a Premier Inn amalola ana awiri osakwana 16 kudya breakfast ulere wamkulu mmodzi akalipira yake. Zinthu zaulere zololedwa zilipo zambiri, kungoti timatanganidwa ndi zozemba.

Pa matikiti penipeni musamagule pa geti tsiku lomwelo, pa intaneti pasadakhale zimatchipa kwambiri makamaka ku Britain. Ku Orlando mtengo umatsata tsiku, kumapeto kwa August ndi mu September kumakhala kotsikirako kuyerekeza ndi Khirisimasi, ngakhale ndi nyengo ya mvula ndi mphepo zamkuntho, komanso tikiti ya masiku ambiri imatsika mtengo wa pa tsiku. Amene mumagwira ntchito za care kapena ku NHS, ndipo ndife ambiri, onani pa Blue Light Card, khadi ija yotsitsira mitengo anthu a ntchito zimenezi, musanagule kwina. Ndipo palibe lamulo loti mulowe park tsiku lililonse, ana ambiri mukawafunsa pobwera chomwe chinawasangalatsa kwambiri amati swimming pool ya ku hotela, inu mutalipira mazanamazana.

Mwana wanu akakhala wamkulu thupi

Pali vuto lina la mbali inayi. Mwana ali ndi zaka 2 zenizeni koma ndi chimphona, akuyankhula ngati wailesi, ndipo wa pa geti akukuyang'anani mokaikira. Nthawi zambiri amangofunsa pakamwa nkukhulupirira zomwe mwanena, koma ali ndi ufulu wopempha umboni, nde jambulani tsamba la pasipoti ya mwana kapena satifiketi yobadwira muzikhala nayo mufoni. Akafunsa musakwiye nkuyamba zoti mukundifunsa chifukwa ndine wakuda, mwina nzoona mwina ayi, koma chithunzi chija chimatseka nkhani mu masekondi asanu ndipo ana sakuonani mukukangana. Ngati mwatenga ana a abale, a achemwali kapena a alamu, funsani makolo awo tsiku lobadwa lenileni musanagule, osangoganizira kuti ameneyu akuoneka ngati wa 8. Ndipo gwiritsani tsiku lomwe lili pa pasipoti, lomwelo munalemba pa fomu ya visa ndi pa tikiti ya ndege, zikhale zofanana paliponse. Agogo nawonso, malo ena amatsitsira achikulire mtengo, koma zoti ndinabadwa chaka cha njala ya 49 pa kauntala sizigwira, atenge chiphaso.

Achibale okakamiza

Ichi nde chovuta kuposa zonse chifukwa ma trip athu timayenda chigulu, mabanja atatu galimoto zitatu, ndipo nthawi zonse pamakhala mmodzi katswiri wa madilu. Kwa ife ndi alamu anga. Amvekere, alamu inu musapusitsidwe, makampani awa ndi olemera sangasauke ndi tikiti imodzi, mesa iwowo amatibera pa botolo la madzi. Ndipo kunena zoona mfundo yawo ili ndi pogwira, mitengo ya m'malo amenewa ndi yolanda, kamwana ka zaka 10 kukatcha wamkulu ndi dyera basi palibe dzina lina. Ine sindimawatsutsa pamenepo. Ndimangowauza kuti alamu, kampaniyo sindikuimvera chisoni, koma amene akanene bodzalo pa geti si ine kapena inu, ndi mwanayu, chifukwa ogwira ntchito aja amakonda kucheza ndi ana ndipo funso loyamba kwa mwana aliyense padziko lapansi ndi loti uli ndi zaka zingati. Tikumusenzetsa katundu wathu. Ndipo Lamulungu tidzamuveka bwino kupita naye ku Sunday school akaphunzire kuti usaname. Paja amati make mbuu mwana mbuu.

Njira yomwe ndinapeza yosayambanitsa ndi yoti banja lililonse lizigula matikiti ake palokha pa intaneti tisananyamuke, pa geti aliyense alowe ndi ana ake. Osasonkha ndalama kupatsa munthu mmodzi kuti agulire onse, chifukwa mudzangozindikira mwana wanu wa zaka 12 walembedwa 11 ndipo mukuuzidwa muli kale pa mzere kuti mumuuze asalankhule. Sindilalikira munthu za ana ake, koma anga ndimalipira ndekha. Ndipo ana akafunsa kuti bwanji msuweni wathu walowa ulere pomwe ndi wamkulu kuposa uyu, ndimangoti zimenezo ndi za kwa ankolo ako, kwathu timanena zaka zathu, basi osawonjezera.

Ngati mwalakwitsa kale

Mwina mwagula kale tikiti ya mwana pomwe wakwanitsa zaka za wamkulu, kaya mwadala kaya munasokoneza masiku, kapena munabukitsa chaka chatha nkusintha deti ndipo pakatipa mwana wadumpha mzere, izi zimachitika kwambiri. Musadikire kuti akugwireni. Imbani foni kapena pitani pa ofesi ya Guest Services yomwe imakhala pafupi ndi geti, nenani kuti tikiti iyi ndi ya mwana koma ali ndi zaka zakuti, ndikufuna ndilipire yotsalayo. Amangokonza nkukupatsani risiti, palibe amene amakukalipirani. Kugwidwa nde kumawawa, chifukwa mumakagula tikiti pa mtengo wa pa geti umene uli wokwera kuposa wa pa intaneti, gulu lonse likukudikirani padzuwa, anthu a pa mzere akukuyang'anani. Pa sitima za ku England nde osayesa nkomwe, wachinyamata wa zaka 16 akapezeka ndi tikiti ya mwana akhoza kulipitsidwa chindapusa cha £100 kuphatikiza mtengo wa ulendowo.

Ndipo ngati munamuphunzitsapo kale mwana kunama ngati mmene ndinachitira ine, kambani naye. Ine zinanditengera nthawi chifukwa ife makolo achiMalawi kupepesa mwana timakuona ngati kuvula pagulu, koma tsiku lina ndikumumanga tsitsi ndinangomuuza kuti tsiku lija pa geti amami analakwitsa, unali ndi zaka 3 ndipo unanena zoona, aliyense akakufunsa zaka uzinena zenizeni ngakhale amami akuyang'ane ndi diso lotani. Anangoti okay nkupitiriza kuonera katuni, kaya anamva kaya sanamve. Mchimwene wake ndi amene anali pa mpando wina akunamizira kusewera gemu, khutu lili kuno.

Panopa usiku woti mawa tikupita ndimatsegula matikiti onse pafoni nkuwaitana mmodzimmodzi, aliyense aone yake ndi zaka zomwe zalembedwapo, kenako tepi pa khoma komaliza, kenako kukagona. Ulendo womaliza wachisamba ataona kuti tikiti yake yalembedwa adult anayenda monyang'wa nyumba yonse, kukauza mlongo wake kuti kuyambira lero uzinditchula kuti achimwene, nkubwera kudzandifunsa ngati zikutanthauza kuti akhoza kumagona mochedwa ngati bambo ake. Ndinamuuza kuti adult wa pa geti yekha, mbale zikumudikira ku sinki.